Tchalitchi Chikaphimbidwa, Chinsalu Chizinena Chiyani?

Nkhani imene ndikufuna tiganizire limodzi lero ingaoneke yaing'ono, chifukwa ndi nkhani ya nsalu. Tchalitchi chakale chikayamba kukonzedwa, amisiri amachizunguliza ndi makwerero a mipope yachitsulo ndi matabwa oimapo, ndipo kunja kwa makwererowo amakungako chinsalu chachikulu. M'mizinda ya ku Ulaya monga Milan, Vienna, Paris ndi Venice, chinsalu chimenechi chimatha kutalika kuposa nyumba ya nsanjika khumi, ndipo chimakhala pamenepo kwa zaka. Poti tchalitchi chachikulu nthawi zambiri chimakhala pakati penipeni pa mzinda, pabwalo limene aliyense amadutsa, palibe chikwangwani china mumzindamo chimene maso ambiri amagwerapo kuposa chinsalucho. Otsatsa malonda anazindikira zimenezi kalekale. Ine ndikuti chinsalucho chili ndi ngongole kwa munthu wodutsa. Chamubisira chinthu chimene anazolowera kuona, choncho chiyenera kumuuza chimene chikuchitika kuseri kwake, amene akugwira ntchitoyo, amene akulipira, ndi tsiku limene chidzachotsedwe. Zina zonse, kaya ndi chithunzi chokongola kaya ndi malonda, zibwere ngongoleyi itabwezedwa.

Chinsaluchi sichinayambe ndi ojambula kapena amalonda, chinayamba ndi amisiri. Munthu akamatsuka khoma la miyala la zaka 600, fumbi limabuka, tizidutswa ta miyala timagwa, ndipo hamala ikapulumuka m'manja pamtunda wa mamita 40 ikhoza kupha wodutsa pansi. Chinsalu chimatchinga zonsezi. Chimatetezanso ntchito yeniyeniyo. Matchalitchi akale anamangidwa ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amabwezeretsa laimu yemweyo, chifukwa simenti imalimba kuposa mwala wakalewo, imatsekera chinyezi mkati, mwala n'kuyamba kufumbutuka. Koma laimu amalimba pang'onopang'ono. Akawombedwa ndi dzuwa kapena mphepo amang'aluka, ndipo chisanu choundana chikamugwira asanalimbe amayoyoka. Ndiye pamafunika mthunzi. Chinsalu chake nthawi zambiri chimakhala ukonde wa pulasitiki wa timabowo tosawerengeka, kuti mphepo izidutsa ndiponso kuwala kuzifika kwa ogwira ntchito. Chikakhala chopanda mabowo chimakola mphepo yonse n'kuikankhira pa makwerero, makwerero n'kukoka zitsulo zimene awamangirira nazo kukhoma, ndipo khoma lake ndi lomwe lija tikuti lafooka. Palinso nkhani ya moto. Pa 16 April 2024 nyumba yakale ya Børsen ku Copenhagen, imene sinali tchalitchi koma inali ya zaka pafupifupi 400, inapsa ili mkati mokonzedwa, ndipo makwerero amene anaikuta anavutitsa ozimitsa moto. Choncho woyamba kulankhula pa nkhani ya chinsalu ndi injiniya: chilemere bwanji, mabowo akule bwanji, kodi sichigwira moto msanga. Wojambula amalowa pambuyo pake.

Koma chikangokungidwa, chinsalucho chimayamba kulankhula, kaya eni ake afuna kapena ayi. Chinsalu chobiriwira chosalembedwa kanthu, chothimbirira ndi fumbi, chong'ambika pakona, chimauza wodutsa kuti pano patsekedwa, pita kwina. Ndipo anthu amapitadi kwina. Mlendo amene anabwera kudzaona saima, wogulitsa makandulo ndi timabuku pakhomo amaona malonda akulowa pansi, ndipo ngakhale mkhristu wa pamalopo nthawi zina sadziwa kuti khomo la m'mbali ndi lotsegula, mapemphero akuchitika monga mwa masiku onse. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati ulemu wa nyumba ya Mulungu umafuna chinsalu chopanda kanthu. Makoma a matchalitchi amenewa anamangidwa kuti aziphunzitsa. Pamwamba pa khomo lapakati la Notre-Dame ku Paris anasemapo chiweruzo chomaliza, ndipo Duomo ya ku Milan ili ndi ziboliboli zoposa 3,000. Anazisema kuti munthu wosadziwa kuwerenga amve uthenga ali panja, asanalowe n'komwe. Khoma lotero kulitseka pakamwa kwa zaka zisanu kapena khumi, umenewo si ulemu, ndi kungosowa chochita.

Njira imene yafala kwambiri ndi yosindikiza nkhope ya tchalitchicho pa chinsalu. Amajambula khomalo lisanaphimbidwe, amawongola chithunzicho pakompyuta kuti mizere isapendekeke, amachisindikiza m'zigawozigawo, kenako n'kulumikiza zigawozo pa makwerero kuti zenera lojambulidwa ligwere ndendende pamene pali zenera lenileni. Ukaima patali, makamaka dzuwa likupendeka, umatha kuona ngati tchalitchi chili bwinobwino. Chitsanzo chabwino chinachitikira mkati mwa tchalitchi, ku York Minster ku England. Zenera lalikulu la kum'mawa, limene John Thornton wa ku Coventry anapanga pakati pa 1405 ndi 1408, lili ndi zigawo 311 za magalasi amitundumitundu. Mu 2008 anayamba kuchotsa magalasiwo kuti akawakonze, ntchito imene inatha mu 2018, ndipo kwa zaka zingapo pamalopo panapachikidwa chithunzi cha zeneralo chosindikizidwa pa msinkhu wake womwewo. Ena amati limeneli ndi bodza, ndipo tchalitchi sichiyenera kunama ngakhale ndi nsalu. Ine sindiona bodza pamenepo, chifukwa palibe amene amapusitsidwa kwa nthawi yoposa mphindi imodzi. Chithunzicho ndi lonjezo lakuti chimene mwachisowachi chidzabwerera. Vuto langa ndi lina. Chithunzi chotere chimanena kuti pano palibe chimene chikuchitika, pamene kuseri kwake kukuchitika ntchito yaikulu imene mwina siinachitikepo kwa zaka zana. Chimasangalatsa kamera ya mlendo, koma mwini mzinda sichimuuza kanthu. A ku York anachita chinanso chimene ndimachiona chofunika kuposa chithunzicho. Magalasi ena okonzedwa kale anawaika pansi, m'kachipinda kowala, kuti anthu awaone pafupi. Nkhope za anthu ndi za zilombo za m'buku la Chivumbulutso, zimene kwa zaka 600 zinali kutali ndi maso, munthu ankaziona mpaka mizere ya burashi. Mwayi wotero umapezeka pa nthawi yokonza yokha.

Tsopano tifike pa ndalama, pakuti apa ndi pamene pagona mkangano. Kukonza tchalitchi cha miyala kumadya mamiliyoni, ndipo m'mayiko ambiri a ku Ulaya anthu opita kutchalitchi akucheperachepera pamene nyumbazo zikukalambirabe. Ku France, malamulo a 1905 ndi 1907 olekanitsa mipingo ndi boma anasiya matchalitchi akale a maparishi m'manja mwa makhonsolo. Mzinda wa Paris wokha uli ndi nyumba zopempherera 96 zoti uzisamalira, ndipo 85 mwa izo ndi matchalitchi a Katolika. Mu 2015 meya Anne Hidalgo analengeza mayuro 80 miliyoni a ntchito imeneyi, koma oteteza nyumba zakale anati ndalamazo n'zoperewera kwambiri. Choncho mu 2016 khonsolo inavomereza kuti pa makwerero a matchalitchi atatu, La Madeleine, Saint-Augustin ndi Saint-Eustache, paikidwe zinsalu za malonda. Ku Milan nkhani yake ndi yakale kwambiri. Bungwe la Veneranda Fabbrica del Duomo linakhazikitsidwa mu 1387, ndipo mpaka lero likugwirabe ntchito, chifukwa mwala wa mabo wochokera ku Candoglia umene anamangira Duomo umadyeka ndi mvula ndi utsi, moti amisiri amakhalira kusema wina n'kumalowetsa m'malo mwa wakale. Bungwe loti silidzamaliza ntchito silingakane msanga kampani imene ikufuna kulipira malo a pakhoma. Munthu amene akuti malonda achoke ayenera kunena kumene ndalamazo zichokere. Akapanda kunena, ndiye kuti wasankha kuti denga lipitirire kudontha, kungoti sakufuna kutero ndi pakamwa pake.

Pali ena amene amatsutsa kuchokera m'chikhulupiriro. Amakumbutsa za Yesu akuthamangitsa ogulitsa m'kachisi, n'kunena kuti dzina la wamalonda lisapezeke pa nyumba yopatulika. Maganizo amenewa ndi oyenera kuwalemekeza, koma mbiri ya matchalitchi omwewa siwaikira kumbuyo. Ku Chartres, m'munsi mwa mazenera a magalasi a zaka za m'ma 1200, muli zithunzi za ophika buledi, ogulitsa nyama, osoka nsapato, akalipentala, ngakhale osintha ndalama, aliyense ali pa ntchito yake, ndipo ambiri amakhulupirira kuti magulu amenewa ndi amene anapereka ndalama za mazenerawo. Ku Florence, pa nkhope ya Santa Maria Novella pali dzina la wamalonda Giovanni Rucellai m'zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi chaka cha 1470. Ku Rome, pakati penipeni pa khoma lakutsogolo la tchalitchi cha Petro Woyera, dzina limene diso limayamba kugwerapo ndi la Papa Paulo V wa banja la Borghese. Ku Rouen kuli nsanja imene mpaka lero amaitcha ya batala, chifukwa zimanenedwa kuti inamangidwa ndi ndalama za anthu amene ankalipira kuti aloledwe kudya batala m'nyengo ya Lenti. Sipanakhalepo nyengo imene matchalitchi akuluakulu ankamangidwa popanda ndalama za amalonda, kapena imene opereka ankabisa mayina awo.

Komabe mbiri yomweyi ikutionetsa kusiyana kumene otsatsa malonda safuna kuti tikuone. Wophika buledi wa ku Chartres ali pansi pa zenera, wamng'ono, ndipo pamwamba pake pali nkhani imene zeneralo linapangidwira. Iye akungonena kuti ndinathandiza nawo. Chinsalu cha foni yatsopano kapena mafuta onunkhira chimabwereka bwalo, msinkhu ndi ulemu wa tchalitchicho n'kutembenuzira maso ako kusitolo. Kampaniyo siinapereke mphatso, yachita lendi malo, ndipo mtengo wa malowo wakwera chifukwa cha zaka mazanamazana za mapemphero ndi luso zimene iyo sinaikepo dzanja. Zikafika poipa zimaoneka ngati mmene zinaonekera ku Venice. Munthu akatuluka pa siteshoni ya sitima ya Santa Lucia, chinthu choyamba kuona kutsidya kwa ngalande ndi tchalitchi cha San Simeone Piccolo, ndipo kwa zaka zingapo chimene ankaona chinali chinsalu cha malonda. Pafupi ndi bwalo la San Marco, mlatho wotchuka wa Ponte dei Sospiri unamira pakati pa zinsalu za Coca-Cola ndi makampani ena. Mu October 2010 bungwe la Venice in Peril linatsogolera kalata yopita kwa nduna ya zachikhalidwe ya Italy yodandaula za zinsaluzi, ndipo mwa osainira munali katswiri wa zomangamanga Norman Foster ndi mkulu wa British Museum pa nthawiyo, Neil MacGregor. Ku Berlin, tchalitchi cha Gedächtniskirche chinaphulitsidwa ndi mabomba mu 1943, ndipo bwinja la nsanja yake analisiya dala kuti lizikumbutsa anthu za nkhondo. Mu 1999 nsanja yatsopano ya mabelu, imene ili pambali pa bwinjalo, inakutidwa ndi malonda a zodzoladzola a L'Oréal. Ku Milan mu 2006 pa makwerero a Duomo panaoneka woimba Madonna akutsatsa zovala za H&M, pa tchalitchi choperekedwa kwa Maria. Ndalama zinalowa, n'zoona. Koma amene anavomereza zimenezi anaiwala kuti malo ena ali ndi nkhani yawoyawo, ndipo chilichonse chimene ungapachikepo chimawerengedwa pamodzi ndi nkhaniyo.

Choopsa chachikulu, kwa ine, ndi nthawi, ndipo anthu sachitchula kawirikawiri. Makwerero opanda malonda amadya ndalama tsiku lililonse limene aima, choncho aliyense amafuna achoke msanga. Makwerero okhala ndi malonda amabweretsa ndalama mwezi uliwonse, choncho changu chija chimazirala. Sikuti pamafunika munthu wachinyengo kuti zitere ayi, zimangochitika zokha pamene kuchedwa kwasiya kupweteka. Ku Vienna, Votivkirche inayamba kukonzedwa mu 2001 ndipo ntchito inatha mu 2023. Kwa zaka zambiri kutsogolo kwake kunali chinsalu chachikulu cha malonda, moti mwana wobadwa chaka chimene ntchito inayamba anakafika ku yunivesite, imene ili pafupi pomwepo, tchalitchicho chidakali ndi makwerero. Sindikunena kuti eni ake anachedwetsa dala. Ntchitoyo inali yaikulu ndipo inkayenda m'zigawo, molingana ndi mmene ndalama zinkapezekera. Koma chinthu chimene tikuchilola ponena kuti n'chakanthawi, chikatha zaka makumi awiri, tiyenera kuvomereza kuti m'badwo wathunthu wachilandira ngati nkhope ya tchalitchicho. A ku France anaona msampha umenewu. Kwa nthawi yaitali malamulo awo ankaletsa malonda pa nyumba zakale zotetezedwa, ndipo pamene anatsegula khomo mu 2007 anaika malire. Malonda asapitirire theka la chinsalu chonse. Ndalama zake zipite ku ntchito yokonza nyumba yomweyo. Chinsalucho chisakhale nthawi yoposa imene makwerero akugwiradi ntchito, ndipo boma likhoza kulamula kuti mbali yotsalayo ionetse chithunzi cha nyumba yobisikayo. Ndikuona kuti theka ndi lalikulu kwambiri pa tchalitchi, chifukwa theka lowala ndi utoto wofiira limameza theka lotuwa la chithunzi cha miyala. Koma mfundo yake ndi yolondola, yakuti malonda alipo chifukwa cha ntchito, ndipo ntchito ikaima nawonso achoke.

Kodi chinsalu chobweza ngongole chimaoneka bwanji? Chitsanzo chomveka bwino ndi Notre-Dame ya ku Paris, ngakhale kuti kumeneko zambiri zinalembedwa pa mpanda wozungulira malo a ntchito osati pamwamba pa makwerero. Moto wa pa 15 April 2019 unawononga denga ndi nsanja yake yosongoka, mtovu wa padenga unasungunuka n'kuipitsa malo ozungulira, ndipo anthu sankaloledwa kuyandikira. Kwa zaka zoposa zisanu, mpaka tchalitchicho chinatsegulidwanso pa 7 December 2024, chimene anthu a mumzindamo ndi alendo ankatha kufikapo chinali mpanda. Oyang'anira ntchito anausandutsa malo ophunzirirapo. Panaikidwa zithunzi za wojambula Patrick Zachmann zoonetsa mkati mmene munalili. Mu 2020 panaikidwa zojambula za ana. Pambuyo pake panabwera nkhani za m'zithunzi zofotokoza ntchito zosiyanasiyana. Munthu woima pamenepo ankatha kuona m'zithunzizo amisiri atalendewera pa zingwe akudula imodziimodzi mipope pafupifupi 40,000 ya makwerero akale imene moto unaipinda n'kuiphatikiza, akalipentala akusema mitengo ya oak ndi nkhwangwa monga ankachitira a zaka za m'ma 1200, ndi okonza limba akutsuka mipope yake pafupifupi 8,000. Anthu okwana 340,000 a m'mayiko 150 anali atapereka mayuro pafupifupi 846 miliyoni, ndipo mpandawo unali njira imodzi yowaonetsera kumene ndalama zawo zikupita. Unachitanso chinthu china chimene sindikudziwa ngati chikwangwani cha boma chikanachita: unaonetsa achinyamata kuti kusema miyala, kukonza magalasi ndi ukalipentala ndi ntchito zimene munthu angaphunzire lero n'kudya nazo.

Wina anganene kuti Notre-Dame sinafunike malonda chifukwa inali ndi ndalama zosefukira, pamene tchalitchi cha parishi cha m'tauni yaing'ono chilibe. Zimenezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindinanene kuti malonda aletsedwe. Koma kufotokoza ntchito si mbali imene imadula. Chinsalu chimagulidwa kale chifukwa injiniya wachifuna, ndipo ngati pali ndalama zosindikizira chithunzi cha wotchi, ndiye kuti makina omwewo akhoza kusindikiza chojambula choonetsa mng'alu umene akukonza. Komanso tchalitchi chosauka ndi chimene chikufunika kwambiri kuti anthu adziwe vuto lake, pakuti munthu sapereka pa chinthu chimene sakuchiona. Wina anganenenso kuti anthu sawerenga, amangodutsa. Pamenepa pali choonadi chimene okonza zinsalu ayenera kuchimvera. Zilembo zing'onozing'ono zopachikidwa pamtunda wa mamita 20 sizithandiza aliyense. Pamwamba pamafunika chinthu chimodzi chooneka patali, monga chojambula cha mkati mwa nsanja kapena nkhope ya chiboliboli chimodzi itakuzidwa. Mawu akhale pansi, pamsinkhu wa maso, pamene munthu wodikira basi angawerenge, ndipo azisinthidwa ntchito ikamasuntha, chifukwa chikwangwani chimene chikunenabe za gawo loyamba pamene amisiri ali pa gawo lachitatu chimaphunzitsa anthu kusiya kuyang'ana. Koma zoti anthu alibe chidwi ndi ntchito yokonza, tchalitchi chachikulu cha Santa María ku Vitoria-Gasteiz, ku Spain, chinatsutsa. Chinatsekedwa mu 1994 chifukwa zipilala ndi makoma zinali zitapendekeka moopsa. Patapita zaka zochepa oyang'anira anayamba kulowetsa anthu ntchito ili mkati, atavala zipewa zolimba za amisiri, kuyenda pa makwerero n'kumaona maziko ofukulidwa ndi ming'alu yeniyeniyo. Anthu anabwera mwaunyinji, ntchitoyo inalandira mphoto ya Europa Nostra mu 2002, ndipo tchalitchi chimene kale chinkadziwika ndi ochepa chinatchuka chili chotsekedwa. Si malo onse amene angalowetse alendo pa makwerero. Koma chinsalu chikhoza kutulutsira panja zina mwa zimene alendo a ku Vitoria ankaona mkati.

Funso lovuta kwambiri ndi la amene ayenera kusankha. Mkati mwa tchalitchi ndi mwa okhulupirira, koma nkhope yake ya kunja imaonedwa ndi aliyense, Msilamu, wosapembedza, woyendetsa takisi, mwana wa sukulu, ndipo nthawi zambiri msonkho wa onsewa umalowa nawo pa ntchito yokonzayo. Choncho wansembe yekha sangagulitse khomalo, ndipo khonsolo yokha singapachikepo chimene ikufuna pamwamba pa khomo limene anthu amalowera ndi maliro. Ife Amalawi nkhani ya nsalu yolankhula timaidziwa bwino. Mpingo ukamakondwerera zaka 50 kapena 100 umasindikiza chitenje, pamakhala chithunzi cha tchalitchi, zaka zake ndi vesi, ndipo komiti imakhalirana pansi kukambirana za mtundu ndi mawu chifukwa ikudziwa kuti amayi adzavala chitenjecho kumsika ndi kumaliro, kumene mpingo udzaweruzidwe nacho. Palibe komiti imene ingalole kuti theka la chitenjecho likhale chithunzi cha mowa chifukwa choti kampani yalipira nsalu. Chinsalu cha pa makwerero chimafuna kukambirana kotereku, kungoti pabwalopo payenera kukhalanso a khonsolo, oteteza nyumba zakale ndi anthu okhala moyang'anizana ndi khomalo, makamaka ngati chinsalucho chiziwalitsidwa ndi magetsi usiku. Agwirizane pasadakhale malonda amene sangaloledwe, ndipo mpingo ukhale ndi mphamvu yokana chithunzi chilichonse chisanasindikizidwe. Chinanso chimene kawirikawiri chimasowa ndi kuchuluka kwa ndalama. Mawu akuti malonda awa akuthandiza kukonza tchalitchi sakwanira. Anthu auzidwe kuti pamwezi pakulowa zingati, kampani yotsatsa ikutengapo zingati, ndipo zotsalazo ndi gawo lanji la mtengo wa ntchito yonse. Ngati ndi gawo lalikulu, anthu adzapirira. Ngati ndi kachigawo kochepa, ali ndi ufulu wofunsa ngati kunali koyenera kuphimbira bwalo lawo.

Kwathu kuno tilibe matchalitchi a miyala a zaka 800, ndipo makampani athu sapikisana kulipira mamiliyoni pa khoma limodzi. Koma tili ndi nyumba zimene zapitirira zaka zana, ndipo njerwa zowotcha ndi matabwa nazonso zimakalamba. St Michael and All Angels ku Blantyre inamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi amisiri a komweko amene anaumba ndi kuwotcha njerwa zake. St Peter's pa chilumba cha Likoma inayambidwa mu 1903 ndipo inapatulidwa mu 1911. Tsiku limene nyumba ngati zimenezi zidzazunguliridwe ndi makwerero, funso lathuli lidzabwera m'njira yakeyake. Mwina idzakhala kampani ya mafoni, banki kapena ya simenti imene yapereka thandizo ndipo ikufuna mtundu wake uonekere, kapena wandale amene akufuna nkhope yake pa mpanda wa malata. Dzina la wopereka likhalepo, pakuti kuthokoza ndi khalidwe lathu, koma likhale pansi pa nkhani ya nyumbayo, ndipo nkhope ya wandale isakhalepo n'komwe. Malo aakulu apite kwa amene mabuku sawatchula kawirikawiri, oumba njerwa aja, ndi kwa amisiri amene akugwira ntchito lero, mayina awo ndi luso lawo ngati avomera. Chikwangwani cha pulojekiti timachidziwa kale m'misewu yathu, chija chimatchula mwini ntchito, kontrakitala, wopereka ndalama ndi nthawi yomaliza, koma chimene chimachitika n'chakuti nthawi ikadutsa chimangosiyidwa mpaka dzimbiri litadya manambala. Pa tchalitchi zisatero. Ntchito za nyumba zakale zimachedwa kawirikawiri, chifukwa amisiri akatsegula khoma amapeza chiswe kapena chinyezi chimene sankachiyembekezera. Zikatero, tsiku lakalelo alidule ndi mzere koma lizionekabe, alembe latsopano pambali pake, ndipo pansi pake afotokoze mwachidule chimene apeza ndi ndalama zimene chawonjezera.